Kadontho Kofiira Pansi pa Bokosi

M'tauni ya Hibbing mukafunsa za Darrin Kivela, angokuuzani kuti ndi bambo wamtali uja wokonza makompyuta a pasukulu, woyenda chowerama ngati akufunafuna ndalama imene anagwetsa. Koma pa intaneti, pakati pa anthu otolera zipangizo za makompyuta akalekale, dzina lake n'lalikulu kuposa mwini wake. Kumeneko safunsa kuti chinthu chikugulidwa ndalama zingati. Amangofunsa kuti, "Kivela akuti bwanji?"

Chimene Darrin amadziwa ndi makhadi a zithunzi, timatabwa tobiriwira tija timene amalowetsa m'mimba mwa kompyuta kuti magemu azioneka bwino. Ali ndi mndandanda wa mitengo yake kuchokera kalekale: khadi lakutilakuti linkagulidwa zingati lili latsopano, linatsika liti, linafika liti poti anthu n'kumalitaya kudzala, ndiponso linadzuka liti kwa akufa. Salemba zongomva. Wina akamuuza kuti wagulitsa lake madola mazana asanu, Darrin amati, "Ndionetse lisiti." N'chifukwa chake amamukhulupirira, mpaka ena anamupatsa dzina loti M'busa poti sanamupezepo ndi bodza. Dzina limeneli lakhala likumupweteka ngati nsapato yothina, ndipo chifukwa chake n'chimodzi.

Mu 1998 Darrin anali ndi zaka 22 ndipo ankagwira ntchito m'shopu ya makompyuta ya a Arne Sundgren, pamsewu waukulu, pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa nsapato za kumgodi. A Arne anali atagwira ntchito yamagetsi kumgodi zaka makumi awiri, ndipo mawu ankawatulutsa ngati amachita kugula. Anamutenga Darrin chaka chimene bambo ake anachotsedwa ntchito, n'kumuphunzitsa kuwotcherera timawaya popanda kunjenjemera. Masana ankanyema pakati chakudya chimene akazi awo, mayi Lorraine, ankawakulungira, mkate uja wa anthu a kumgodi wokhala ndi nyama ndi mbatatesi m'kati, n'kumukankhira theka osanena kanthu.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene a Arne ankachikonda mopitirira muyeso: makina okutira pulasitiki amene anali kuseri kwa shopu. Unkaika bokosi m'pulasitiki, n'kutsitsa waya wotentha kuti udule ndi kumata, kenako n'kuuzira mpweya wamoto mpaka pulasitikiyo atagwira bokosi kuti gwa. Mashopu ambiri anali nawo, okutira katundu wobwezedwa. Koma a Arne ankakuta chilichonse chimene ankaopa kuti chingachite chinyezi, mabuku a shopu, zithunzi za ukwati, ngakhale chipewa chawo chakale cha kumgodi. Mayi Lorraine ankati, "Tsiku limene ndidzagone tulo tambiri, ameneyu adzandikuta nanenso."

M'mwezi wa Okutobala chaka chimenecho munabwera khadi latsopano lotchedwa Tarpon, limene achinyamata onse ankalilota. Mtengo wake unali madola 299, pamene Darrin ankalandira madola sikisi pa ola. A Arne anaitanitsa mabokosi atatu. Awiri anapita sabata yomweyo, lachitatu linatsala pashelefu, likumuyang'ana Darrin kuyambira m'mawa mpaka poweruka.

Loweruka lina masana a Arne anapita kukazulitsa dzino, n'kumusiyira makiyi monga mwa nthawi zonse. Darrin anang'amba pulasitiki, anatulutsa Tarpon n'kuliika m'thumba la jekete. M'malo mwake anaikamo khadi lakufa lochokera m'bini ya zotaya, n'kuyeza pasikelo ya makalata mpaka kulemera kutafanana. Asanakute, anadontheza kadontho ka cholembera chofiira pakona yapansi pa bokosi, kuti asadzaligulitse mwangozi kwa munthu. Pomata dzanja linanjenjemera, waya unapsereza pulasitiki pakona imodzi n'kusiya kachipsera kabulauni. Analikankhira kumbuyo kwenikweni kwa shelefu. Maganizo ake anali oti asunge ndalama masabata asanu ndi limodzi, aligule yekha bokosilo, nkhani ithere pomwepo. Uku sikuba, ankadziuza, n'kubwereka chabe. Aliyense amene anabapo amaidziwa nyimbo imeneyi.

Patatha sabata, bokosi lija panalibe pashelefu. Darrin kufunsa sakanatha, poti wofunsa za bokosi limodzi pakati pa mabokosi mazana amakhala akudziwa kanthu. Anangoganiza kuti lagulidwa iye atatuluka, ndipo chitseko chikalira ankayembekezera munthu wolusa atanyamula khadi lakufa. Munthuyo sanabwere. A Arne anapitiriza kunyema mkate pakati n'kumukankhira theka, ndipo mkate umenewo ndi umene unamuthamangitsa, poti unkamutsamwa. Nyengo yozizira itatha anapempha ntchito kusukulu. A Arne anamulembera kalata yomuchitira umboni, mizere iwiri yokha, ndipo Darrin anaiwerenga ali m'galimoto: "Ndi wokhulupirika. Ndimamusiyira makiyi."

Mndandanda wotchuka uja unayambira pamenepo, ndipo sunayambe chifukwa chokonda mbiri. Darrin anagula kakope, ndipo mwezi uliwonse ankatsegula magazini n'kulemba mtengo wa Tarpon. Ankafuna kudziwa kuti mwezi umenewo ndi wakuba wamkulu bwanji. Chaka chotsatira linatsika kufika pa 199, iye n'kupumako pang'ono. Kampani yopanga khadilo itagwa, linatsika ngati mwala m'chitsime. Pofika 2004 analipeza pamsika wa zakale lili m'dengu limodzi ndi mawaya othothoka, madola asanu, ndipo anthu ena ankagula makhadi otere poyeza pasikelo, kuti akapale golide wa m'mphepete. Tsiku limenelo Darrin anabwerera kunyumba akuimba mluzu. Wakuba madola asanu si wakuba, anatero mumtima, ndi munthu woiwala chenji.

Nthawi imeneyo anali atakwatira Tamra, woyendetsa basi ya ana a sukulu, mkazi wosadziwa kuzungulira polankhula. Tamra ataona kakopeko anafunsa chifukwa chimene mwamuna wake ankalondera mtengo wa chinthu chimodzi ngati akulonda wodwala. Pofuna kubisa khadi limodzilo, Darrin anayamba kulembanso mitengo ya ena. Makope anachuluka, anasamukira pa intaneti, anthu n'kuyamba kumufunsa. Nayenso anayamba kutolera makhadi akale mpaka chipinda chapansi pa nyumba chinadzaza. Ulemu wonse umene ali nawo lero unamera pa bodza limene anauza mkazi wake m'khitchini.

Koma mlandu suola. Anyamata aja ankalota Tarpon ali ndi zaka khumi ndi zisanu anakula, anachita dazi, anapeza ndalama, ndipo anayamba kufunafuna ubwana wawo. Mtengo unatembenuka. Madola 60, kenako 200, kenako 900, ndipo Darrin ankalemba yekha nambala iliyonse ndi dzanja lake, poti M'busa sanama. Choipa kwambiri chinali mtengo wa bokosi losatsegula. Otolera zakale ali ndi mwambo wawo umene munthu wamba angauseke: bokosi limene likadali m'pulasitiki wake wa kufakitale limagulidwa madola masauzande, ndipo woligula salitsegula mpaka kufa. Akangong'amba pulasitikiyo, ndalama zonse zauluka. Amaliika m'kabati yagalasi n'kumalipukuta fumbi, chimene chili m'kati osachiona ndi maso.

Zaka zonsezi Khirisimasi iliyonse kunkabwera khadi la mafuno abwino lochokera kwa a Arne, mawu ake omwewo osasintha: "Khofi alipo. Bwera tsiku lililonse." Darrin ankati apita nyengo ikafunda, nyengo ikafunda n'kumati apita sukulu zikatsekera. Akawaona m'sitolo ya zakudya ankakhotera kumene kuli sopo n'kumawerenga mapaketi mpaka nkhalambayo itadutsa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mu Epulo chaka chino a Arne anamwalira. Darrin anapita kumaliro, anakhala mpando wakumbuyo, ndipo anachoka anthu asanayambe kudya. Ali m'njira anamva chisoni, koma pansi pa chisonicho panali kampumulo, ndipo kampumulo kameneko kanamuchititsa manyazi kuposa kuba kuja.

Kumayambiriro kwa Okutobala foni inalira nthawi ya chakudya chamasana.

"Darrin Kivela? Ndine Lorraine. Usandiuze kuti wandiiwala, ndinakudyetsa chaka chathunthu."

"Mayi Sundgren, ndingakuiwaleni bwanji."

"Ungathe ndithu. Zaka 27 nyumba ili pomwe inali, sunaipondepo. Bwera ukaweruka, ndili ndi kanthu koti uone."

Anawapeza ali m'khitchini atavala chikhothi cha malemu amuna awo, chitseko cha uvuni chili chotsegula kuti chitulutseko kutentha. Chotenthetsera nyumba chinali chitafa sabata yathayo, ndipo wokonza anati chimenecho n'chongoyenera kukwirira, chatsopano ndi madola 6,800. Chipale chofewa chinali chitatsala masabata ochepa kuti chiyambe kugwa.

"Mwana wanga akuti ndikapanda kuchikonza adzanditenga, ndikakhale kwa iye ku Minneapolis, m'kachipinda koyang'anizana ndi khoma," anatero mayi Lorraine. "Ine ndikachoka muno sindibwereranso, ndikudziwa. Ndiye ndinatsika m'chipinda chapansipo kukaona chimene ndingagulitse. Arne anasiya zinthu zokutakuta ngati nyama ya m'butchala. Woyandikana nane nyumba anajambula ichi n'kuchiika pa intaneti, ndipo wamisala wina wa ku California akuti apereka 7,500. Pa bokosi, Darrin. Koma akuti pokhapokha Kivela atalemba kuti ndi losatsegula chichokereni kufakitale. Ndinati Kivela wake uti, wokhetsa nyenyeswa m'makompyuta uja?"

Anakoka thaulo limene anavundikira chinthucho patebulo. Linali bokosi la Tarpon, lonyezimira ngati lafika dzulo.

Darrin analinyamula mmene amanyamulira nthawi zonse, ndi nsonga za zala. Anayang'ana kutsogolo, anayang'ana m'mbali, akuchedwa dala. Kenako analitembenuza. Pakona yapansi, m'kati mwa pulasitiki, panali kadontho kofiira.

Anafunafuna kachipsera kake kaja pakona zonse, koma kanalibe. Msoko wa pulasitiki unali wowongoka, wosalala, woti ngakhale katswiri sangausiyanitse ndi wa kufakitale. Mtima unalumphira pomwepo ngati galu woona fupa: mwina si bokosi lija, mwina kadonthoka n'ka inki ya kufakitale, mwina zaka zamusokoneza ndipo sanapsereze kanthu. Panali yankho lina, koma limenelo mtima wake unalizemba monga ankazembera a Arne m'sitolo. Anatulutsa kasikelo kake n'kuyeza. Kulemera kunali kwenikweni kumene kuli pamndandanda wake, ndipo nanga kukanalekeranji, poti anayeza yekha mu 1998.

"Bwanji watuluka thukuta m'nyumba yozizira chonchi?" anafunsa mayi Lorraine.

"Ndathamanga pobwera, mayi."

"Wabwera pagalimoto, ndakuona pawindo. Ndiye ukuti bwanji, ndi lenileni?"

"Ndipatseni masiku awiri ndifufuze bwino."

"Fufuza, koma usafufuze mpaka ndiume. Khala pansi ndikuikire khofi."

Anakana khofiyo, nati Tamra akumudikira. Potuluka anaona kuti gogoyo wayamba kale kuyeza ndi maso pomwe chotenthetsera chatsopano chidzalowere, ndipo zimenezo zinamulasa mtima.

M'mawa mwake, Tamra akumanga nsapato kuti azipita kubasi, Darrin anatsegula dirowa ya masokosi n'kutulutsa kathumba kamene kanakhala m'menemo chikwatiranireni. Anaika Tarpon patebulo pafupi ndi mbale ya phala.

"Ee, lero chibwenzi chako chakale chatuluka kudzaona dzuwa," anatero Tamra. "Ena onse ali pansi m'magalasi, ameneyu yekha amagona ndi masokosi. Ndi mfumu yawo?"

"Ndinaba."

Tamra anasiya chingwe cha nsapato. Darrin anafotokoza zonse, za dzino la a Arne, za sikelo, za kadontho, mpaka za chikhothi cha mayi Lorraine. Kenako, asanafunsidwe n'komwe, anayamba kudziteteza.

"Taganiza, Tam. Ndikalemba, aluza ndani? Gogo uja afundidwa m'nyumba mwake. Wa ku California aliika m'galasi n'kumasangalala mpaka kufa, ndipo ana ake adzagulitsa kwa wina amenenso sadzatsegula. Palibe adzatsegule. Mwambo wake ndi umenewo."

"Ukulankhula ngati munthu amene wayeseza pagalasi."

"Ndikakana kulemba, gogoyo apita ku Minneapolis."

"Pansipo pali makhadi angati?"

"Amenewo ndi mbiri, Tam."

"Mbiriyo igulitse uone ngati sitenthetsa nyumba."

Darrin nkhope inawala ngati wapeza khomo. "Chabwino. Ndigulitsa makhadi anga, bokosilo ndiligule ndekha pa 7,500. Sindilemba bodza, gogo apeza ndalama zake, ndipo sakhumudwa ndi chilichonse."

Tamra anaseka, koma kuseka kopanda chimwemwe. "Uligula wekha. Si zimene unanena uli ndi zaka 22 zimenezo? Darrin, iwe sukufuna kugula bokosi, ukufuna kugula kuti usatsegule pakamwa. Ine zakubazo sizikundiwawa kwambiri, unali mwana wopusa. Chikundiwawa n'chakuti makhadi a Khirisimasi aja ndinkawapachika ine pafiriji chaka ndi chaka, n'kumakuuza kuti tiye tikawaone achikulirewo, iwe n'kumati watopa." Anatola makiyi a basi. "Ana akundidikira. Phala lako lazizira."

Tsiku limenelo kusukulu Darrin anakonza makina osindikizira amodzi kwa maola atatu, ndipo vuto lake linali loti munalibe mapepala. Madzulo anajambula makhadi ake abwino makumi anayi n'kuwaika pamsika wa pa intaneti. Poti mitengo anaika ya pamndandanda wake womwe, ndipo poti anali a Kivela, pofika Lachisanu ambiri anali atagulidwa.

Loweruka m'mawa anagogoda kwa mayi Lorraine atanyamula kathumba kaja. Bokosi linali pomwe lija patebulo, lovundikiridwa ndi thaulo kuti lisachite fumbi.

"Walemba?" anafunsa gogoyo asanatseke n'komwe chitseko.

"Sindilemba, mayi. Khalani pansi."

Anatulutsa Tarpon n'kuliika pambali pa bokosi. Mawu amene anakonza m'galimoto anathawa onse, ndiye ananena mmene zinalili. "Khadi la m'bokosi limeneli ndi ili. Ndinaliba ine mu 1998, tsiku limene a Arne anakazulitsa dzino. M'katimo ndinaikamo lakufa, n'kukutanso pulasitiki. Ankandisiyira makiyi, ine n'kuchita zimenezo. Kumaliro ndinabwera, koma sindinathe kukuyang'anani."

Mayi Lorraine anayang'ana khadi, anayang'ana bokosi, kenako anakoka chikhothi n'kudzifunditsa bwino.

"Ndiye 7,500 ija kulibe."

"Kulibe, mayi. Koma wokonza chotenthetsera abwera Lolemba. Ndagulitsa makhadi anga, zakwana."

"Chimenecho ndilandira. Sindine wopusa, ndikuzizidwa. Koma usaganize kuti wagula nacho kanthu kwa ine." Mawu awo anali ouma. "Ndinkakukulungira mkate waukulu dala, ukudziwa? Ndinkati kamnyamata ka kwa Kivela kaonda. Ukanangopempha, Arne akanakupatsa khadilo uzilipira pang'onopang'ono. Anali wotero."

"Ndikudziwa, mayi."

"Sukudziwa kanthu." Anaimirira n'kutenga mpeni wosendera mbatatesi. "Ndione chimene ndimafuna kugulitsa kwa mwana wa eni."

Ataika nsonga ya mpeni pa pulasitiki, dzanja la Darrin linatambasuka lokha. "Mayi, dikirani, mukang'amba..."

"Ndikang'amba chiyani? Litsika mtengo?"

Darrin anabweza dzanja. Mpeni unadutsa, pulasitiki anakhuthukira patebulo. Gogoyo anatsegula chivundikiro, nachotsa kabuku ka malangizo. Khadi lakufa lija linali momwemo, lafumbi lake lomwe la m'bini. Koma pa khadilo panali patamangidwa ndi ulusi kapepala kachikasu, kaja ankamangirira pa makompyuta obwera kudzakonzedwa. Darrin sanaikemo kapepala kalikonse.

Mayi Lorraine anavala magalasi. Anawerenga chamumtima, milomo ikugwedera, kenako anamupatsa osamuyang'ana. Zilembo zinali zazikuluzikulu, za munthu wozolowera kulemba pa mabokosi a magetsi, ndipo deti lake linali la sabata lomwe lija bokosi linasowa pashelefu.

"OSAGULITSA. Darrin adzabweza yekha. Musamufunse."

Tsopano msoko wowongoka uja unamveka. A Arne anaona kachipsera, anatsegula, anadziwa. Kenako anamanga kapepala, anakuta bokosi bwinobwino kuti lisachite chinyezi, n'kupita nalo kunyumba. Lolemba lake ananyema mkate pakati. Miyezi ingapo pambuyo pake anakhala pansi n'kulemba kuti mnyamatayu ndi wokhulupirika, akudziwa chimene chili m'chipinda chawo chapansi. Darrin anali atawerengera zaka 27 mtengo wa chimene anaba, mwezi ndi mwezi, ndipo nthawi yonseyo ankawerengera chinthu cholakwika. Anakhala pampando wa a Arne osadziwa kuti ndi wawo.

Zina zinadza pambuyo. Analembera wa ku California zoona zake, ndipo pamwamba pa mndandanda wake anaikapo chithunzi cha bokosi lotsegula ndi dzina la amene anaikamo khadi lakufa. Ena anamutukwana, ena anamuyamikira, zimene zinamunyansa kwambiri, ndipo dzina la M'busa linazilala lokha. Koma zimenezo n'zapambuyo.

M'khitchini muja uvuni unkangolira. Mayi Lorraine anavula magalasi n'kuwapukuta ndi mkono wa chikhothi, nthawi yaitali kuposa imene magalasi amafuna.

"Sanandiuzepo," anatero. "Zaka zonsezi, mawu ngakhale amodzi. Khirisimasi iliyonse ndinkamukalipira. Ndinkati, Arne, ukuwonongeranji sitampu pa munthu wosayankha? Ukudziwa chimene ankandiyankha?"

Darrin anapukusa mutu.

"Ankati, 'Ali m'njira.' Ndinkati njira yake yochokera kuti, poti amakhala kuseri kwa sukuluku? Iye n'kumangoti, 'Ali m'njira.' Ngakhale Khirisimasi yathayi, dzanja likunjenjemera, analemba yekha. Anakana kuti ndimulembere."

Darrin analira pamenepo, kulira koipa kwa munthu wamkulu wosazolowera, mapewa akugwedezeka. Gogoyo sanamutonthoze. Anachotsa khadi lakufa m'bokosi, namasula kapepala kachikasu n'kukaika m'thumba la chikhothi. Kenako anakankhira bokosi lopanda kanthulo kwa iye.

"Bweza. Anati udzabweza wekha, ndiye ine sindikhudza."

Darrin anapukuta manja pa buluku, ananyamula Tarpon ndi nsonga za zala n'kuliika m'malo mwake. Linalowa ndendende, ngati silinachokemo. Anatseka chivundikiro.

Mayi Lorraine anatenga makapu awiri pashelefu, n'kuyang'ana yachitatu kanthawi asanatseke kabati. Anathira khofi mu imodzi n'kuiika patsogolo pa Darrin.

"Khofi alipo," anatero. "Imwa asanazizire."